Nyambo za bass maso akayamba kufooka: iti imamveka m'dzanja, iti imafuna kuonerera

Nsomba ya bass sidya mojompha. Imayasamula kukamwa kwake kwakukuluko, n'kuyamwa madzi pamodzi ndi nyambo, ndipo ikamva kuti yameza pulasitiki kapena chitsulo imalavula msanga, nthawi zina sekondi isanathe. Kamphindi komweko ndi kamene wowedza ali nako kuti akoke mbedza ilowe. Ambiri amadziwira m'maso: chingwe chimadumpha pang'ono, chimayamba kuyenda chammbali, kapena chimaleka kumira nyambo isanafike pansi. Maso akayamba kuchita chifunga zizindikiro zonsezi zimasowa, ndipo munthu amabwerako ku damu akudandaula kuti lero nsomba sizimadya, chonsecho zadya kangapo iye osadziwa.

Nsombayi kwawo ndi ku North America. Idafika ku South Africa mu 1928, ndipo lero anthu amaithamangira pa madamu a Albert Falls, Inanda ndi Loskop. Ku Zimbabwe kuli Darwendale ndi Mutirikwi, ndipo ku Malawi imapezeka m'madamu ochepa. Nyambo zake nazo zidachokera ku America ndi mayina ake omwe, moti m'sitolo za zowedzera ku Harare kapena ku Durban mudzazifunsa ndi mayina omwewo. Adazipanga ndi anthu oona bwino, koma si zonse zimadalira maso mofanana.

Kufooka kwa maso nako kuli pamitundu. Munthu wa zaka zopitirira 40 amene wayamba kutalikitsa nyuzipepala powerenga amaona damu lonse bwinobwino. Chimamuvuta n'kulowetsa chingwe pa kabowo ka mbedza, ndipo magalasi owerengera amamukwanira. Wa ng'ala amaona mwachimbuuzi, dzuwa likamenya pamadzi limamuthobwa. Nthenda ya maso yotchedwa glaucoma imayamba kudya m'mbali, n'kumusiyira munthu pakati pokha. Ukalamba wa kumbuyo kwa diso umachita mosemphana, umawononga pakati n'kusiya m'mbali, pomwe matenda a shuga amatha kubweretsa timadontho ndi chifunga paliponse. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo ku Nkhoma ndi ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre amaichita, choncho kaonetseni maso musanawononge ndalama posintha bokosi lonse la nyambo.

Poyerekeza nyambozi, funso lalikulu ndi ili: nsomba ikamadya, chingwe chimakhala chokungika kapena chokhwepa? Chingwe chokungika chimanyamula uthenga kuchokera pa nyambo kufika m'dzanja. Chokhwepa sichinyamula kanthu, chimafuna kuchiyang'ana. Pali mafunso ena awiri ang'onoang'ono amene tikumana nawo m'njira: nyamboyo ili ndi nsonga zingati zimene zingakubayeni pochotsa nsomba, ndipo kodi imafuna kuiponya pamalo enieni kapena imakhululuka mukaphonya.

Zonjenjemera: spinnerbait ndi ChatterBait

Ndikadauzidwa kuti ndisankhe nyambo imodzi yokha ya munthu wosaona bwino, ndikadatenga spinnerbait. Ndi waya wopindidwa pakati. Nthambi yakumwamba ili ndi tsamba lachitsulo limene limazungulira mukamakoka, yakumunsi ili ndi mutu wamtovu, siketi ya timalabala ndi mbedza imodzi yoloza kumwamba. Wayayo amayenda kutsogolo kwa mbedza, ndiye nyambo ikagunda chitsa kapena bango imakwera n'kudutsa m'malo mokodwa. Mutha kuiponya osaona bwino pamene ikagwere, n'kuibweza yamphumphu. Kwa munthu amene sangaone nthambi yomira ili patsogolo pake, zimenezi zimapulumutsa ndalama ndi mtima womwe.

Koma ma spinnerbait sali ofanana, ndipo kusiyana kwake kuli pa tsamba. La willow ndi lalitali, losongoka. Limazungulira mwachangu, limanyezimira kwambiri, koma m'dzanja limamveka pang'ono. La Colorado ndi lobulungira, lokumbika, ndipo likamazungulira limakankha madzi moti ndodo yonse imagunda du! du! du! mpaka m'chigongono. Lanu ndi limeneli. Tengani nyambo ya tsamba limodzi lalikulu la Colorado, yolemera magalamu 10 kapena 14, muziikoka pang'onopang'ono, mongokwanira kuti kugundako kusaleke. Kukaleka mwadzidzidzi, pali zinthu ziwiri: udzu wakola tsamba, kapena nsomba yameza nyambo kuchokera kumbuyo n'kumabwera nayo kwa inu. Musataye nthawi kuganiza kuti n'chiti. Kokani ndodo chammbali mwamphamvu. Ngati unali udzu uthothoka, ngati inali nsomba yakodwa.

Kuya nako mumakudziwa osaona. Mukamva kuti nyambo yagwa chubwi, werengani mumtima musanayambe kukoka. Mukafika pa 5 n'kumva kuti yakhudza udzu wapansi, ulendo wotsatira yambani pa 4. Mukapeza nambala imene nsomba zikudyera, khalani pomwepo.

Pofooka pake ndi m'madzi oyera mbee, opanda mphepo, dzuwa lili paliwombo. Pamenepo bass imaona waya ndi zitsulo zonsezo n'kungotsatira osadya. Imafuna madzi odetsedwa pang'ono, kamphepo kochititsa mafunde, kapena mitambo. Izi zili ndi chifukwa chake: nsombayi ili ndi mzere m'nthiti zake umene imamvera kugwedezeka kwa madzi, ndipo m'madzi amatope a nthawi ya dzinja imasaka ndi mzere umenewu kuposa maso. Tsiku limene nsomba siiona bwino ndi tsiku limene nyambo yanu yomveka m'dzanja imagwira koposa.

ChatterBait ndi mng'ono wake. Adaipanga ndi Ron Davis wa ku South Carolina, ndipo idatchuka cha mu 2006. Tsopano imapangidwa ndi kampani ya Z-Man, ndipo ena ambiri adatengera kapangidwe kake. Ndi mutu wamtovu wa mbedza imodzi, kutsogolo kwake kuli kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamagwedera uku ndi uku. Kunjenjemera kwake n'kwamsangamsanga ndiponso kwamphamvu kuposa spinnerbait, moti ngakhale dzanja lachita dzanzi ndi chisanu cha mu Juni mumakumvabe. Kaudzu kamodzi kokha kakakola, mumadziwa nthawi yomweyo. Pamwamba pa udzu wa m'madzi imaposa spinnerbait. Koma m'mitengo yomira ndi yosadalirika, chifukwa ikagunda nthambi imagubuduka mbedza n'kuluma mtengo, ndipo zabwino zake n'zodula. Pa damu la zitsa zambiri khalani ndi spinnerbait. Pa damu la udzu, ChatterBait.

Crankbait: yokoma m'dzanja, yoopsa m'bwato

Crankbait ndi kansomba kapulasitiki kapena kamtengo kokhala ndi mlomo kutsogolo, umene umaimiza pansi ndi kuigwedeza mukamakoka. Pa nkhani yomveka m'dzanja siichepa. Mumamva kugwedera kwake, mumamva mlomo ukugunda mwala, mumamva ukulima matope. Ya mlomo wa ngodya zinayi imadumpha zitsa bwino ndithu, ndipo mukaleka kukoka imayandama yokha n'kuchoka pamene idakakamira. Kuwonjezera apo nsomba nthawi zambiri imadzikola yokha. Inu mumangomva ndodo yalemera. Palinso yopanda mlomo, monga Rat-L-Trap ya Bill Lewis wa ku Louisiana, imene ili ndi timipira tachitsulo m'mimba. Imeneyi imaponyeka kutali ngakhale kuli mphepo, ndipo ikayandikira bwato phokoso lake mumalimva ndi makutu. Kungoti imamira, ndiye mukachedwa kukoka pamalo a miyala mwaitaya.

Vuto lili pa mbedza. Crankbait ili ndi mbedza ziwiri za nsonga zitatu, kutanthauza nsonga 6 zikulendewera pakamwa pa nsomba imene ikuphiriphitha. Bass anthu amaigwira pa mlomo wapansi ndi chala chachikulu, ndipo oona bwino omwe amabayidwa pochita zimenezi. Kupapasa pakamwa pa nsomba yotere osaona pamene pali nsonga n'kudziputira ulendo wa kuchipatala. Ngati crankbait mumaikonda, finyani tingowe ta mbedza zonse ndi pulayala kuti ikakubayani ituluke mosavuta, kapena chotsani za nsonga zitatuzo muike za nsonga imodzi. Nsomba zina zidzapulumuka, inde. Muzikweza nsomba ndi ukonde wa labala, n'kuigwira pakamwa ndi chopanira, osati ndi chala. Ine ndimaiika pachitatu chifukwa cha mbedza zokhazo, osati chifukwa chakuti siigwira nsomba.

Za pamwamba pa madzi, pamene makutu amalamula

Apa ndi pamene wosaona bwino amatha kuposa mnzake wa maso akuthwa. Bass ikaphulika pa nyambo yoyandama, woona amadzidzimuka n'kukoka nthawi yomweyo, nsomba isanatseke pakamwa, nyambo n'kuuluka kubwerera kumaso kwake. Aphunzitsi a kuwedza amalimbana nalo vutoli mwa kuuza anthu kuti adikire kufikira atamva kulemera kwa nsomba. Amene sakuona kuphulikako amadikira mwachibadwa.

Jitterbug, imene Fred Arbogast wa ku Akron, Ohio, adaitulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, idatchuka chifukwa chowedzera usiku, nthawi imene aliyense saona. Ili ndi mlomo wachitsulo wopingasa umene umaiyendetsa mopepesuka, ikulira kuti polo polo polo. Ntchito yanu n'kukoka mosasintha liwiro ndi kumvetsera. Kulirako kukasokonekera, mbedza yakola chingwe kapena udzu. Yakuda ndiyo ya usiku, chifukwa nsomba ikayang'ana kumwamba imaona mthunzi wake bwino. Nayo ili ndi mbedza za nsonga zitatu, choncho zimene tanena za crankbait zikugwiranso apa.

Buzzbait ili ndi mbedza imodzi ngati spinnerbait, ndipo chopukusa chake chimakwapula madzi mwaphokoso. Imamira mukaileka, ndiye muyenera kuyamba kukoka pomwe mwamva kuti yagwa. Khutu limakuuzani ngati ili pamwamba kapena yalowa pansi. M'mamawa ndi chisisira m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pafupi ndi mabango, imachita zodabwitsa.

Zina za pamwamba sindizilimbikitsa kwenikweni. Zara Spook, nyambo yoyandama yooneka ngati kamtengo, imafuna kuigwedeza ndi chingwe chokhwepa pang'ono, ndipo ikadzikola simudziwa msanga. Chule wa labala sakodwa m'maluwa a m'madzi, zimene n'zabwino, koma luso lake lonse n'kumuimika pa kampata ka pakati pa masamba, ndipo kampatako kamafuna kukaona.

Nyongolotsi za pulasitiki

Izi ndi zimene zimagwira bass zambiri masana dzuwa likakwera, choncho kuzisiya zonse n'kudzimana. Nick Creme adaumba nyongolotsi yoyamba ya pulasitiki yofewa mu 1949, ndipo kuchokera pamenepo padabadwa njira zambiri zoimangira. Pa nkhani yathuyi njirazi zimasiyana kutalitali.

Yovuta koposa ndi nyongolotsi yotchedwa Senko, ya Gary Yamamoto, yoponyedwa yopanda cholemeretsa. Ili ndi mchere wambiri m'thupi, imamira yokha pang'onopang'ono ikugwedeza mbali zonse ziwiri, ndipo bass imaikonda zedi. Koma imagwira ntchito chingwe chili chokhwepa, ndipo nsomba imaitola ikumira. Woona amayang'ana chingwe. Wosaona amadzazindikira pokweza ndodo, pamene nsomba yalavula kale kapena yameza mbedza mpaka kummero, zimene zimapha nsomba imene mukadaibweza m'madzi. Mukakunga chingwe kuti mumve, mwaphanso kamiridwe kamene kamakopa nsombako. Imeneyi isiyireni anzanu. Jig (mutu wamtovu wa mbedza imodzi ndi siketi) yodumphitsa pansi ili ndi vuto lofanana, chifukwa nayo imadyedwa ikugwa; ngati mukuifuna, muziisambitsa pokoka mosalekeza ngati spinnerbait.

Texas rig ndiyo ya pakati, ndipo mukaisintha pang'ono imakhala bwenzi. Nsonga ya mbedza imabisidwa m'thupi la nyongolotsi, kutsogolo kuli cholemeretsa chosongoka. Siikodwa, siibaya zala m'bokosi, ndipo kuimanga mutha kuphunzira ndi zala zokha: mukapapasa mumamva ngati nyongolotsi yawongoka kapena yapindika, ndipo yopindika imapota chingwe. Kusintha kwake n'kwakuti muwonjeze kulemera. Pamene woona angaike magalamu 3 kapena 5, inu ikani 7 kapena 10, kuti chingwe chikhale chokungika ndipo mumve nyambo ikafika pansi. Cholemeretsa cha chitsulo chotchedwa tungsten n'cholimba ndiponso chaching'ono kuposa cha mtovu cha kulemera komweko, ndipo chikagunda mwala chimatumiza kugogoda komveka bwino pamene mtovu umangoti phwa. N'chodula, koma pano ndalamayo ili ndi ntchito. Musaidumphitse kwambiri, ikokeni pansi ndi ndodo, n'kuima, chala chimodzi chili pa chingwe kutsogolo kwa chokulungira. Kudya kwa bass kumamveka ngati munthu wagogoda kamodzi pachitseko ndi chikhadabo, kapena ndodo imangolemera mwachilendo, kapenanso kulemera konse kumasowa. Zitatu zonsezi yankho lake n'limodzi: kulungani msanga mpaka chingwe chikungike, n'kukoka.

Carolina rig imaika cholemeretsa chachikulu, cha magalamu 21 kapena 28, patsogolo, nyambo n'kumatsatira kumbuyo pa chingwe cha masentimita 60 mpaka 90. Palibe njira ina imene imakuuzani za pansi pa damu ngati imeneyi: mchenga, matope, timiyala, potsetsereka, zonse zimafika m'dzanja. Siifunanso kulunjika, mumangoponya kutali pamalo otseguka. Zoipa zake n'ziwiri. Ili ndi mfundo zitatu zomanga, ndipo kudya kwa nsomba kumamveka mochedwa chifukwa nyambo ili kuseri kwa cholemeretsa. Drop shot imatembenuza dongosololi, cholemeretsa pansi mbedza pamwamba pake, moti palibe chotchinga pakati pa nsomba ndi dzanja lanu. Kumva kwake n'kwabwino kwambiri, koma timbedza take n'tating'ono ndipo chingwe n'chopyapyala. Ziwiri zonsezi mangiranitu kunyumba pa kuwala kokwanira, kapena wina akumangireni zingapo, n'kuzikulunga pa kachidutswa ka siponji.

Chingwe ndi zomangira

Nyambo yabwino pa chingwe cholakwika imakhala chete. Chingwe wamba cha nayiloni chimatamuka, ndipo mukaponya kutali kutamukako kumameza kugogoda kwa nsomba. Cholukidwa, chimene m'sitolo amati braid, sichitamuka kwenikweni, choncho chilichonse chimafika m'dzanja. Kwa amene akuonabe pang'ono, chachikasu chowala chimaoneka pamadzi pamene nayiloni wasowa. M'madzi odetsedwa, spinnerbait, ChatterBait ndi buzzbait mutha kuzimanga pa braid mwachindunji, osalumikiza chingwe china chosaoneka kutsogolo, ndipo mwapewa mfundo yovuta kwambiri kwa wosaona. Chenjerani nacho pa zinthu ziwiri: chimacheka chala mukachikoka ndi manja nyambo ikakodwa, ndipo chimakonda kudzikulunga ku nsonga ya ndodo. Musanaponye, kokani chingwe pang'ono ndi dzanja mumve ngati chikuyenda momasuka. Mukaponya chitakulungika, nsonga imatha kuthyoka.

Pa chokulungira anthu amatsutsana. Spinning reel, imene imalendewera kunsi kwa ndodo, ndiyo yosavuta, siisokoneza chingwe nyambo ikagunda mtengo mwadzidzidzi. Baitcaster, imene imakhala pamwamba pa ndodo, imafuna kuimitsa ndi chala chachikulu nyambo ikamagwa, ndipo mukachedwa chingwe chimapiringizana. Komabe amene adaizolowera maso ali bwino asaitaye, popeza ntchito yake yambiri ndi ya chala. Angomangitsa mabuleki ndi kuponya nyambo zolemera. Yotsekeka ya batani, monga Zebco 33 imene ilipo kuyambira mu 1954, ndi yophweka koposa kwa woyamba kumene, kungoti siigwirizana bwino ndi braid.

Mfundo phunzirani imodzi, ya Palomar. Mumapinda chingwe pawiri, kulowetsa pa kabowo, kumanga mfundo wamba, kudutsitsa nyambo m'chizingocho, kunyowetsa ndi kukoka. Ilibe zozunguliza zowerenga, ndipo imagwira bwino pa braid. Kawaya kolowetsera ulusi pa singano, kamene osoka amagwiritsa ntchito, kamathandiza pa kabowo ka mbedza. Kuti musamange kawirikawiri, ikani kandowe kachitsulo kotseka ndi kutsegula kumapeto kwa chingwe, muzingosintha nyambo. Pa crankbait kamagwira bwino. Pa spinnerbait yang'anirani: zambiri waya wake pomangira ndi wongopindidwa, wosatsekeka, ndipo kandoweko kamatsetsereka kupita ku tsamba. Gulani za waya wopotedwa kukhala kabowo, kapena vekani kapaipi ka labala pa popindikapo.

Za mitundu musadzivutitse. Yoyera kapena yachikasu masana, yakuda m'madzi amatope ndi usiku, nyongolotsi zobiriwira moderapo, zakwana. M'bokosi chilichonse chikhale ndi chipinda chake chosasintha, ndipo mapaketi a nyongolotsi muwasiyanitse ndi malabala: limodzi pa zakuda, awiri pa zobiriwira.

Magalasi valani nthawi zonse, ngakhale kuli mitambo, ndipo akhale a pulasitiki yolimba yosasweka. Nyambo yokodwa ikamasuka pa chingwe chokungika imabwerera ngati mwala wa legeni, ndipo munthu amene watsala ndi diso limodzi labwino alibe lina lobwereka. Ochotsa kunyezimira kwa madzi, a mtundu wa bulauni kapena wachikasu, amathandiza ambiri a ng'ala kusiyanitsa chingwe ndi madzi kuposa akuda bii. M'bwato jekete yoyandamitsa isachoke m'thupi. Ndipo m'madamu ambiri a ku Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa muli ng'ona. Kuima m'mphepete mwa madzi chisisira, nthawi yomwe buzzbait imagwira bwinoyo, si kwa munthu amene sangaone chimene chikuyandama patsogolo pake.

Choncho mnzanu wopita naye ndi wofunika, koma mugwirizane kalankhulidwe musananyamuke. "Ponyani apo, achimwene" sikuthandiza amene sakuona chala chikuloza. Tengani kutsogolo kwa bwato ngati 12 koloko, iye azinena kuti chitsa chili pa 2 koloko, mamita 15, mabango ayambira pa 10 koloko. Aziimika bwato motsata mzere wa udzu kuti inu muziponya mofanana ndi gombe, osati molunjika ku mitengo, poti mukatero nyambo imayenda mtunda wautali m'malo a nsomba ndipo mukapitirira muyeso imagwera m'madzi momwemo. Iyenso azikuuzani asanaponye ndi mbali imene ndodo yake idutse.